Yambani ndi netem, zinazo mudzazione pambuyo

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya pafoni imayenda bwinobwino pa Wi-Fi ya mu ofesi, koma anthu akudandaula kuti netiweki ikafooka imangoima kapena kutumiza zinthu kawiri, ndipo mukufuna chida cha open source choyesera zimenezi musanatulutse mtundu watsopano. Langizo langa ndi lakuti musapite patali, yambani ndi netem.

Netem ili kale mkati mwa Linux kuyambira 2004, anailemba Stephen Hemminger, ndipo mumailamulira ndi lamulo la tc, la mu iproute2, gulu la zida za netiweki za Linux. Ntchito yake ndi kusokoneza mapaketi enieni a pulogalamu yanu, kutanthauza tizidutswa ta deta timene timayenda pa netiweki: kuwachedwetsa, kutaya ena, kubwereza ena, kapena kuwasintha ndondomeko. Mukalemba tc qdisc add dev eth0 root netem delay 200ms 50ms loss 2% ndiye kuti paketi iliyonse yotuluka pa eth0 (dzina la khadi la netiweki) ichedwa pafupifupi 200ms (mamilisekondi 200), nthawi zina kuposa pamenepo kapena kucheperapo ndi 50ms, ndipo mapaketi 2 mwa 100 aliwonse atayika. Yambitsani ping, yomwe imayeza nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwera, musanalembe lamulolo, muona manambala akudumpha nthawi yomweyo. Mukamaliza, tc qdisc del dev eth0 root imabwezeretsa zonse.

Pali zinthu zingapo zimene zimapusitsa anthu poyamba, ndipo ndikufuna muzidziwe msanga. Netem imagwira mapaketi otuluka okha. Mukaiika mbali imodzi, deta yobwera ikhala yabwinobwino, ndiye mukufunika ifb (khadi la netiweki longoyerekeza la mu Linux) kuti mugwirenso olowa. Komanso musaiike pa kompyuta imene ikutumiza deta ngati mukuyesa liwiro la TCP (njira yotumizira deta imene imatumizanso mapaketi otayika), chifukwa kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, ili ndi njira zake zochepetsera mapaketi odikira pamzere, ndipo zotsatira zake sizifanana ndi za netiweki yeniyeni. Chimene ndimakonda ine ndi kutenga kakompyuta ka Linux, ngakhale Raspberry Pi, kukaika pakati ngati rauta kotulutsa Wi-Fi yakeyake, foni n'kulumikiza pamenepo. Foniyo simuikhudza n'komwe, koma ikuona netiweki yoipa. Ndipo ngati mwalowa pa seva yakutali kudzera pa SSH (njira yolamulira kompyuta muli kutali), musaike loss yaikulu pa khadi lomwe mwalowerapo, mungadzitsekere panja.

Pa nkhani ya kutaya mapaketi ndikhalepo pang'ono, poti vuto lanu ndikuganiza lagona apa. Loss 2% imataya apa ndi apo mwachisawawa, ndipo TCP imapirira zimenezi, ngakhale liwiro limatsika. Netiweki ya foni sichita choncho. Imayenda bwino kwa kanthawi, kenako munthu akalowa m'nyumba kapena foni ikasamukira ku nsanja ina, mapaketi amatayika motsatizana. Netem ili ndi loss gemodel, yotsatira njira ya Gilbert-Elliott, imene imasinthasintha pakati pa nthawi yabwino ndi yoipa. Yesani imeneyo. Kutumiza kawiri kumachitika nthawi zambiri pamene seva yalandira pempho n'kuligwiritsa ntchito, koma yankho lake latayika panjira, pulogalamu n'kuganiza kuti palibe chafika n'kutumizanso. Muyesenso kuchedwa kwa 600ms kupita ndi kubwera, komwe n'kofanana ndi intaneti ya setilaiti zokhala pamtunda wa makilomita 35,786. Ma timeout ambiri (nthawi imene pulogalamu imadikira yankho isanasiye) oikidwa mongoganizira amagwa pamenepo.

Chida chachiwiri choti muikepo ndi Toxiproxy ya Shopify. Imakhala pakati pa pulogalamu ndi seva kapena database, pa TCP, ndipo mumaiuza kudzera pa HTTP kuti ichedwetse, ichepetse liwiro, idule kulumikizana mwadzidzidzi, kapena ingokhala chete osayankha. Ubwino wake ndi woti imalowa m'mayeso odziyendetsa okha, choncho aliyense akasintha kodi, vuto la seva yosayankha likuyesedwanso. Sitaya paketi imodziimodzi ngati netem, nchifukwa chake ndikuti muzigwiritse zonse ziwiri.

Ngati muli pa Windows, clumsy imachita zofanana ndi netem ndipo mumangodina mabokosi. Pa FreeBSD pali dummynet ya Luigi Rizzo, yakale kuposa netem. Okonda Docker ali ndi Pumba, imene pansi pake ndi netem yomweyo.

Ena m'gulu muno atchula Mininet ndi ns-3. Ndi zida zabwino, koma osati za vuto lanuli. Mininet, yochokera ku Stanford cha m'ma 2010, imamanga netiweki yathunthu ya maswitchi ndi makompyuta ambiri mkati mwa laputopu imodzi, ndipo imathandiza ophunzira za SDN (netiweki yolamulidwa ndi mapulogalamu). Ns-3 ndi simulator: mumalemba netiweki yongoyerekeza mu C++ ndipo nthawi yake ndi yowerengera osati yeniyeni, yoyenera ofufuza amene akuyesa protocol yatsopano pa zida mazanamazana. Mutha masabata mukuiphunzira pulogalamu yanu isanayesedwe n'kamodzi komwe.

Musanayambe, pemphani awiri kapena atatu mwa odandaulawo akutumizireni zotsatira za ping kuchokera komwe ali, makamaka nthawi imene zinthu zimavuta. Manambala amenewo ndiwo muike mu netem, osati ongopeka. Mukakanika pa ifb kapena pokonza Raspberry Pi, ikani muno zimene tc qdisc show ikuonetsa, tiziona limodzi.