Za kuona nsomba pansi pa madzi ku Likoma

Achimwene, mwafunsa ngati pakufunika setifiketi kuti mukaone nsomba ku Likoma. Pa snorkeling ayi, mumangovala magalasi ndi kapaipi kopumira basi n'kumayandama pamwamba, mbuna zija za buluu ndi zachikasu zimachita kukuzungulirani pafupi ndi miyala. Koma scuba ija yobereka silinda kumsana ndiye nkhani ina, pamafunika kosi ya Open Water, masiku atatu kapena anayi, ikatha mumaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Ine ndingati kaphunzireni ku Nkhata Bay kenako mukwere Ilala. June ndi July mwera umavuta heve, bola September mpaka November madzi amakhala oyera mbee. Mukachita scuba osakwera ndege tsiku lomwelo, dikirani kaye maola 24.