Ampulifaya inali yozima, koma kapasita inandigwira: kodi mtima wanga uli bwino?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Chibavi ndipo ndimaimba gitala kutchalitchi kwathu. Ndinadzipangira ampulifaya ya mavalavu (timababu tagalasi tokulitsa mawu), koma imang'ung'uza kwambiri. Masiku atatu apitawo ndinaizimitsa, ndikuzula pulagi, ndikupisa dzanja kuti ndisunthe makapasita ndi mawaya awo a ground (obwezera magetsi). Nyesi imene inandimenyayo inandiponyera kukhoma. Pachala pali kabala koyera kosapweteka, mkono ukuphwanya, ndipo usiku mtima umathamanga. Mnzanga akuti ndingodula waya wa earth, phokosolo litha. Ndichite chiyani?

Yankho: Achimwene, pitani kuchipatala lero lino, ampulifaya idikire. Kaya muyambira ku chipatala chaching'ono chapafupi kaya ku Mzuzu Central Hospital, mukanene mosabisa kuti munagwidwa ndi magetsi a mavoti oposa 300, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni mtima ndi makina a ECG. Mukawauzenso kumene dzanja linalo linali. Ngati linagwira chitsulo cha ampulifaya, magetsiwo analowera dzanja lina nkutulukira linzake, ndiye kuti anadutsa pachifuwa.

Anthu ambiri amene agwidwa ndi magetsi osafika mavoti 1,000, osakomoka, ECG yawo nkupezeka yabwino, amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Chikundidetsa nkhawa pa inu ndi kuthamanga kwa mtima kumeneko. Mwina ndi mantha chabe, pakuti thupi likadzidzimuka chonchi tulo timavuta. Koma mtima umagunda potsatira timagetsi take tating'onoting'ono, ndipo magetsi akunja amatha kusokoneza kayendedwe kameneka. Kuti tidziwe chomwe chikuchitika, pafunika kuyeza. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, chizungulire, kapena mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire kuti kuche. Mkodzo wotero umasonyeza kuti minofu yapsa mkati ndipo zinyalala zake zikulemetsa impso.

Kabala koyerako musakapeputse chifukwa choti sikakupweteka. Bala la magetsi limaoneka laling'ono pamwamba pomwe lalowa pansi, ndipo likapanda ululu nthawi zina ndiye kuti mitsempha yomvera yapsa. Litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, mulimange ndi kansalu koyera. Osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Akakuoneninso ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata.

Tsopano za ampulifayayo, chifukwa ndikudziwa kuti mukachira mubwereranso pa tebulo lomwelo. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali mavoti 230, koma thiransifoma ya ampulifaya ya mavalavu imawakweza, ndipo pa makapasita akuluakulu aja pamakhala mavoti pakati pa 300 ndi 500. Ntchito ya kapasita ndi kusunga magetsi, ngati mmene mtsuko umasungira madzi mpopi utatsekedwa. Kuzula pulagi nkutseka mpopi chabe, mtsukowo ukadali wodzaza, ndipo ngati palibe pothira ungakhale choncho kwa maola ngakhale masiku. Thupi la munthu silifuna magetsi ochuluka kuti livulale. Ma milliamp (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa) 10 a magetsi apakhoma amatha kuumitsa dzanja osatha kusiya waya, ndipo kuyambira cha pa 50 kufika 100 akadutsa pachifuwa mtima ungathe kungonjenjemera osapopanso magazi. Khungu louma limatchinjirizako pang'ono. Koma kuno ku Mzuzu, ndi mvula yathuyi ndi chinyezi chosatha, munthu ali chosavala nsapato pa simenti yozizira, thukuta lili m'manja, chotchinjirizacho chimachepa kwambiri.

Choncho musanagwire chilichonse mkatimo, tsitsani magetsi a makapasita kudzera mu kawaya kokhala ndi resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa), osati kugunditsa ndi sikuludiraiva. Kugunditsako kumathetheka moto umene ungakulowereni m'maso, ndipo kumaononga kapasita. Kenako yezani ndi mita yoyezera mavoti mpaka muone kuti atsika kufika pansi pa mavoti 10, ndipo kawaya kotsitsirako mukasiye kali komangirira nthawi yonse imene mukugwira ntchito, chifukwa makapasita ena amadzadzanso pang'ono okha. Musaiwale kuchotsa kawayako musanayatse. Chabwino koposa nkuwotchereramo resistor yokhalitsa ya 220k (ma ohm 220,000), ya mawati 2 kapena kuposa, kuchokera ku mwendo wa + wa kapasita yoyamba kupita ku mwendo wa −, kuti mukangozimitsa magetsiwo azitsika okha m'mphindi zochepa. Ngakhale ilipo, yezanibe, pakuti resistor imatha kufa osaonetsa. Poyeza ampulifaya yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, mphete ndi wotchi muvule, muvale nsapato za labala, ndipo m'nyumbamo mukhale munthu wina wodziwa pozimitsira.

Malangizo a mnzanuwo ndikuwakana ndi mtima wonse. Waya wa earth, wobiriwira ndi chikasu uja, ndi umene umanyamula magetsi akathawira ku chitsulo cha ampulifaya, kuti fyuzi iphulike inu musanakhudzidwe. Kumbukirani kuti nsambo za gitala yamagetsi zimalumikizana ndi chitsulo chimenecho kudzera mu chingwe. Mukadula earth, tsiku limene thiransifoma idzaonongeke, njira yotsala yopita pansi ndi zala zanu. Keith Relf, amene ankaimba mu gulu la Yardbirds ku England, anafa mu 1976 ali ndi zaka 33, atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala kunyumba kwake. Waya umenewu ukhale ndi bawuti yakeyake pa chitsulo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi, mutapala penti, ndipo pabawutiyo pasamangidwenso waya wina, kuti musadzaimasule mwangozi pokonza zina.

Phokosolo lili ndi mankhwala ake osaika moyo pachiswe. Kapasita yoyamba, ya pafupi ndi rectifier (chipangizo chowongola magetsi a thiransifoma kuti aziyenda njira imodzi), imalandira magetsi mwamphamvu ka 100 pa sekondi iliyonse. Ngati magetsi amenewa akuyenda m'chitsulo kapena mu waya umodzi ndi ground ya valavu yoyamba, imene imakulitsa mawu ofooka a gitala, phokoso lawo limakulitsidwira limodzi. Ndiye mwendo wa − wa kapasita yoyambayo ulumikizane mwachindunji, ndi waya waufupi ndi wonenepa, ku waya wapakati wa thiransifoma. Makapasita otsatirawo aliyense akhale pafupi ndi valavu imene akuidyetsa, ground yake ikumane ndi ya valavu yomweyo, kutali ndi thiransifoma. Musawapanikize ndi mavalavu akuluakulu otentha aja, chifukwa kutentha kumaumitsa madzi a mkati mwake. Onetsetsaninso + ndi − kawiri musanayatse, komanso kuti mavoti olembedwa pa kapasita akuposa amene ikulandira. Kapasita yoikidwa mozondoka imaphulika, ndipo madzi ake akalowa m'maso muwatsuke ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20 kenako muthamangire kuchipatala.

Funso: Ndine mayi wa m'kwaya ku Katoto. Ndikagunditsa mlomo pa maikolofoni pamene ndagwira gitala, ndimamva kuluma. Anyamata oyendetsa zida amati nzachizolowezi. Nzoona?

Yankho: Mayi, ayi ndithu. Kuluma kumeneko kukutanthauza kuti chida chimodzi, ampulifaya kapena mikisa, chilibe earth yabwino, ndipo magetsi akudutsa mwa inu kuchokera pamlomo kupita kudzanja. Lero ndi ochepa, koma chimene chikuwachepetsa chikadzaonongeka adzabwera onse. Kawirikawiri vuto limakhala ekisitenshoni ya mawaya awiri, pulagi yothyoka mwendo wautali uja, kapena mawaya ongolowetsa mu soketi ndi timitengo ta machesi. Auzeni akuluakulu a mpingo aitane wamagetsi wovomerezeka adzayeze masoketi, zida zonse zizidya pa malo amodzi okhala ndi earth, ndipo aikepo chipangizo cha ma milliamp 30 chotchedwa RCD, chimene chimazimitsa chokha magetsi akathawa. Kufikira atakonza, musagwire ziwirizo nthawi imodzi. Kuvindikira maikolofoni ndi siponji kumangobisa chizindikiro.

A kwaya nonse mudziwenso ichi. Wina akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja, zimitsani pa meni switchi kapena mumukankhe ndi mtengo wouma. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, mugonekeni chagada pansi polimba, ikani manja onse awiri pakati pa chifuwa, nkumakanikiza mwamphamvu kuti chizilowa masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Wina athamangire galimoto, ndipo muzilandirana kukanikizako osaleka, ngakhale muli m'galimotomo, mpaka mutampereka m'manja mwa achipatala.