Mafunso ndi Mayankho: Tebulo la CNC plasma ndigule lalikulu bwanji?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine masana ndimagwira ntchito ina, koma madzulo ndi Loweruka ndimakhala mu kagalaja kanga kumawotcherera tizinthu, timageti, zoikapo maluwa, zikwangwani za manambala a nyumba, zongokonda basi osati bizinesi. Pano ndatopa kudula zilembo ndi galayinda nde ndikufuna tebulo la CNC plasma, lija limadula lokha chitsulo potsatira chojambula cha pakompyuta. Pa intaneti ndaona a mafiti 2 kwa 2, ena 4 kwa 4, ena 4 kwa 8, mutu wangozungulira. Mtima ukuti ndigule lalikulu kamodzin'kamodzi ndisadzadandaule. Plasma yapamanja yotchipa ndili nayo kale, ndi kakompulesa kopopera matayala. Ndithandizeni.

Wowerenga wathu

YANKHO

Achimwene, funso lanu la kukula kwa tebulo ndiliyankha, koma chomwe chandigwira mtima ndi mawu anu omalizawo, plasma yotchipa ija ndi kakompulesa. Anthu ambiri amathera maganizo onse pa tebulo pomwe tebulo ntchito yake ndi kungoyendetsa tochi uku ndi uku, chodula chenicheni ndi plasma, mashini odula chitsulo ndi moto wa magetsi aja, ndi mpweya womwe mukuipatsa, ndipo zimenezi zikakhala zofooka olo tebulo likhale lokongola bwanji zilembo zanu zizituluka zonyansa.

Tiyambe ndi plasma yanuyo. Onani mu kabuku kake mmene imayatsira moto. Zambiri zotchipa zimayatsa ndi HF, ndiye kuti kamphezi ka magetsi amphamvu kwambiri, ndipo kamphezi kameneka kamasokoneza kompyuta ndi mawaya a tebulo, mashini amatha kuima pakati pa ntchito kapena tochi kungolowera kwina n'kuononga chitsulo chonse. Zina zimafuna muyambe mwagunditsa tochi pachitsulo, zimenezo nde pa CNC ayi ndithu. Yofunika ndi yomwe amaitcha blowback start, yoyatsa moto mkati mwa tochi popanda HF, ndipo ndi bwino ikhale ndi polumikizira waya wa CNC kuti tebulo lizitha kuiyatsa, kuizimitsa komanso kudziwa kuti moto wagwira. Chinanso, musatengeke ndi nambala yayikulu yolembedwa pabokosi. Pamanja mumayambira m'mphepete mwa chitsulo, koma pa tebulo tochi imaboola pakati, nde muziyang'ana kunenepa komwe imatha kuboola. Mwachitsanzo Powermax45 XP ya Hypertherm, ya ma amp 45, imadula mamilimita 16 koma kuboola ndi 12. Pa zikwangwani ndi timageti ma amp 45 ndi okwanira zedi. Muonenso duty cycle, ikalembedwa 50% ndiye kuti pa mphindi 10 zilizonse imadula 5 pa mphamvu yonse kenako izipuma, pamanja simuona vuto poti mumaimaima nokha koma tebulo silitopa, limangopitabe.

Kakompulesa kopopera matayala kaja kasiyeni kazipopa matayala. Plasma ya ma amp 45 imadya mpweya pafupifupi malita 190 pa mphindi, pa ma bar 6 kapena cha pompo, osalekeza, nde mukufunika kompulesa yotulutsa zoposera pamenepo. Ndipo mpweyawo ukhale wouma, apa ndikutsindika chifukwa ndi pomwe ambiri amalira. Kompulesa ikamapopa, madzi amadzikundika mu thanki ndi m'mapaipi, madziwo akafika pa tochi amadya elekitirodi ndi nozulo, tizipangizo ta kunsonga kwa tochi, msanga, moto umayamba kupindika ndipo m'mphepete modulidwamo mumatuluka mopendekeka, munthu n'kumaimba mlandu tebulo pomwe vuto ndi chinyezi. Ikani sefa yochotsa madzi ndi mafuta pafupi ndi plasma, ngati mungathe onjezani choumitsira mpweya, ndipo thanki muzilikhetsa madzi tsiku lililonse mwagwira ntchito. Magetsi a mugalajamo nawo awonedwe ndi wodziwa, poti plasma ndi kompulesa ziziyaka nthawi imodzi.

Tsopano kukula. La 4 kwa 8 analipangira kuti shiti yathunthu ya mamilimita 1220 kwa 2440 izikwana osaidula. Zimamveka bwino, koma shiti yotere ikakhala ya mamilimita 3 imalemera makilogalamu pafupifupi 70, ya mamilimita 6 ndi 140, inu nokha madzulo mugalaja muikweza bwanji? Komanso tebulo lenilenilo limaposa malo odulirawo, ndipo mumafunika poyenda mbali zonse ndi posungira zitsulo. Tengani choko mujambule pansi kukula kwake, muyende mozungulira mutanyamula chinthu chachitali, muona nokha. Kenako yezani zinthu zomwe mwapanga chaka chathachi. Ngati zambiri sizikuposa theka la mita, laling'ono ngati CrossFire ya Langmuir Systems, la mafiti pafupifupi 2 kwa 2, likukwanirani, ndipo matebulo ena ang'onoang'ono ndi otsegula m'mbali moti chitsulo chachitali mumangochikankha n'kudula kawiri. Ine kwa munthu wa ntchito ngati yanuyi ndinganene kuti 4 kwa 4 ndiye malire, ndalama yomwe mukanaonjezera pa lalikulu ipite ku plasma yabwino ndi mpweya.

Chomwe sindingalole kuti musiye ndi THC, kachipangizo kokweza ndi kutsitsa tochi kokha. Tochi imayenera kuyenda pafupifupi milimita 1.5 pamwamba pa chitsulo, koma chitsulo chopyapyala chikatentha chimapindika, apa chatukuka apa chatsika, nde popanda THC tochi imagunda kapena kutalikira. Kachipangizoka kamawerenga mavoti a moto uja n'kumasintha kutalika ikudula. Ogulitsa ena amakaika padera kuti mtengo uoneke wotsika, mufunse bwinobwino. Za mamota, kaya stepper kaya servo, musavutike nazo, stepper pa ntchito yongokonda imakwana.

Utsi nawo musauderere. Matebulo ambiri ang'onoang'ono amakhala ndi chithileyi cha madzi pansi, chimagwira fumbi ndi utsi wambiri komanso chimaziziritsa chitsulo kuti chisapindike kwambiri, ndipo mugalaja ndi chosavuta kuposa aja okoka utsi ndi fani kupita panja. Komabe chitseko chizikhala chotsegula. Chitsulo chagalavanaizi chimatulutsa utsi wa zinki wodwalitsa, stainless imatulutsa wa chromium woopsa kumapapo, ndipo mukamadula aluminiyamu pamadzi pamapangika mpweya wa hydrogen womwe ukaunjikana pansi pa shiti utha kuphulika, nde musasiye shiti ya aluminiyamu itagona pamadzipo. Maso muziteteza ndi magalasi akuda oyenera ma amp anu, magalasi adzuwa sateteza, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi, mapepala ndi mafuta kutali.

Musanalipire chilichonse yesani kaye mbali ya kompyuta, poti ambiri tebulo limangokhala phee pakona chifukwa kujambula kwawakanika. Ikani Inkscape, pulogalamu yojambulira, ndi yaulere, mujambule nambala ya nyumba, muisunge ngati DXF, mtundu wa fayilo ya zojambula, kenako muone mmene pulogalamu ngati SheetCam imaisandutsira G-code yomwe tebulo limamva. Pamenepo mudziwa kuti chilembo ngati O kapena A chimafuna timilatho togwirizira chapakati chake, apo ayi chapakati chimagwera m'madzi. Mudziwenso kuti plasma imadula zitsulo zokha, matabwa ndi pulasitiki ayi, ndipo mabowo ang'onoang'ono a mabauti satuluka ozungulira bwino, amenewo muzimalizitsa ndi dirilo. Galayinda ija musaitaye, zosungunuka zomatirira pansi muzipalabe.

Wogulitsa mumufunse ngati plasma yanuyo ikugwirizana ndi tebulo lake, mumuuze dzina ndi nambala yake, komanso ngati manozulo ndi maelekitirodi a tochiyo mungamawapeze mosavuta, chifukwa zimenezi zimatha pafupipafupi ndipo miyezi yoyambirira mukuphunzira muziononga zambiri.