Funsani Akatswiri: Chitsulo chikatentha mwadzidzidzi, mphamvu zake amaziyeza bwanji?

Funso: Zikomo akatswiri. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti chitsulo sichiduka pamene ndawotcherera, chimang'aluka pambali pake. Kodi ilipo njira yoyezera mphamvu ya chitsulo chikatenthedwa mwadzidzidzi chonchi? Wowerenga, Ndirande.

Yankho: Ilipo bambo, ndipo inabadwa chifukwa cha vuto lanu lomweli. Makina odziwika pa ntchitoyi ndi Gleeble, amene chiyambi chake ndi kafukufuku wa zowotcherera ku Rensselaer Polytechnic Institute ku America m'zaka za m'ma 1950. Alibe ng'anjo. Magetsi amadutsa m'chitsulo choyesedwacho, ndipo poti chitsulo chimalimbana ndi magetsi kuposa kopa, chimadzitenthetsa chokha kuchokera m'kati. Makinawa amatha kukweza kutentha ndi madigiri 10,000 pa sekondi imodzi.

Poyesa, akatswiri amasema kamtengo kachitsulo kozungulira, kawirikawiri konenepa mamilimita 10. Nsonga zake amazipana ndi zopanira za kopa zomwe m'kati mwake mumayenda madzi ozizira. Pakati penipeni amawotchererapo tiwaya tiwiri topyapyala ngati ulusi, totchedwa thermocouple, timene timauza kompyuta kutentha kwa pamalopo. Akatero amatseka bokosi limene muli kachitsuloko, n'kupopa mpweya wonse kapena kuthiramo wa argon kuti chitsulo chisachite makoko. Thiransifoma imatumiza magetsi a mavoti ochepa koma ma amp masauzande. Pakati paja pamayamba kufiira, kenako kuwala ngati khala la moto, nsonga zili zozizirabe. Kutentha kukafika pomwe akufuna, makina amakoka mpaka kachitsuloko kaduke, uku akulemba mphamvu imene yafunika ndi mmene katamukira.

Ntchitoyi imalakwika kwambiri pa tiwaya tija, ndipo apa mpofunika maso. Kamodzi kakagwedezeka, kompyuta imaona ngati chitsulo chikadali chozizira, imawonjezera magetsi, kachitsulo n'kusungunuka nthawi yomweyo. Komanso tiwayato tizikhala moyandikana mopingasa kamtengo, osati kena kutsogolo kena kumbuyo, chifukwa tikatero timatola mavoti a magetsi otenthetsera n'kumapereka nambala yabodza. Tiwaya ta mtundu wotchedwa K timathera cha pa madigiri 1,200. Kupitirira apo pamafunika ta chitsulo chotchedwa platinum.

China ambiri amachiiwala: chitsulo chikatentha chimatalika. Cha mita imodzi chimawonjezera pafupifupi mamilimita 12 chikakwera ndi madigiri 1,000. Zopanira zikapanda kusuntha pang'ono potenthetsa, kachitsuloko kamapindika kuyesa kusanayambe.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Chitsulo wamba chomangira chikafika pa madigiri 600 chimakhala chitataya pafupifupi theka la mphamvu zake, ndipo chikayandikira posungunuka chimaduka osatamuka n'komwe. Koma mng'alu wanuwo umabwera makamaka pozizira. Pambali pa chowotcherera pamatentha kwambiri osasungunuka, kenako chitsulo chozizira choyandikana nacho chimayamwa kutenthako mofulumira. Ngati chili ndi kaboni wambiri, monga masipuling'i a galimoto, pamalopo pamauma gwa n'kukhala posachedwa kuthyoka. Chinyezi cha m'marodi owotcherera chimawonjezera vutoli.

Choncho bambo, musamathire madzi pamene mwangowotcherera kumene, ngakhale kasitomala akufulumizeni. Marodi muzisunga pouma. Chitsulo chochindikala kapena cholimba kwambiri muziyamba mwachitenthetsa mpaka madigiri 150 kapena 200, ndipo mukamaliza muchikwirire mumchenga wouma kuti chizizire pang'onopang'ono.