Yankho kwa mayi amene anabwezedwa panjira ya kuphiri la Dedza

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwanena kuti Loweruka lapitali munatenga achinyamata a mpingo wanu kukakwera phiri la Dedza, koma mlonda wa nkhalango anakubwezani ponena kuti njira imene munkafuna kudzera ndi yotseka, ndipo mukufuna kudziwa amene amatseka njirazi, chifukwa chake amatero, ndiponso amene angabwere kudzathandiza mwana atavulala pamwamba. Ine ndakhala ndikukwera phirili ndi ana a sukulu kwa zaka zambiri, choncho mundilole ndiyankhe monga momwe ndikudziwira.

Phiri la Dedza si malo osungira nyama zakutchire ngati Liwonde kapena Kasungu. Ndi nkhalango yotetezedwa, monganso Chongoni ndi Dedza-Salima, ndipo imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango potsatira lamulo la 1997. Kusiyana kumeneku n'kofunika. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2003, kapena ku Liwonde ndi Nkhotakota komwe linalowa mu 2015, mlendo amalowera pachipata, amalembetsa dzina, ndipo akafuna kuyenda pansi amaperekezedwa ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti. Kuno phiri lili ndi tinjira tolowera mbali zonse, ndipo ntchito yaikulu ya alonda ndi kuteteza mitengo kwa ocheka matabwa, owotcha makala ndi moto wolusa. Kusamala okwera phiri ndi katundu wongosenjezedwa pamwamba pa wina.

Kutseka njira kumatsata nyengo. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, mdani ndi moto, womwe nthawi zambiri umayamba ndi osaka mbewa kapena otentha m'minda ya m'mphepete mwa phiri. Masamba ouma a paini amayaka ngati athiridwa parafini, ndipo moto umathamanga kwambiri pokwera mtunda, kotero kuti munthu amene ali pamwamba pake sangaupose liwiro. Nthawi zina njira imatsekedwa chifukwa chakuti mbali imeneyo akugwetsa mitengo. M'dzinja vuto ndi kuterera ndi kugumuka kwa nthaka, ndipo amene anaona zimene napolo anachita ku Mulanje ndi Phalombe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunikanso kuuzidwa kuti phiri likakhuta madzi limasuntha. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi, mnzako amene ali patsogolo pako pang'ono n'kusowa.

Za kukonza njira ndi zimene anthu ambiri saziona. Chimene chimawononga njira ya m'phiri kwenikweni ndi madzi, chifukwa pamene mapazi aponda mobwerezabwereza udzu umatha, dothi limalimba, ndipo mvula ikagwa njirayo imasanduka mtsinje. Okonza amabwera ndi makasu, zikwanje ndi zikwakwa, amakumba tingalande topingasa totayira madzi kumbali, amayala miyala pamalo otsetsereka ndi kuchotsa mitengo yogwera panjira. Akatero malowo amafuna kupuma monga munda wogoneka, kuti udzu ugwirenso. Tikadutsapo anthu makumi atatu dothi lisanakhazikike, kapena tikayamba kudula njira zachidule pamakona, ntchito yonse ija imatha ndi mvula imodzi, ndipo pakapita zaka zochepa pamakhala chigwembe cholekeza m'chiuno.

Koma pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa funso lanu lomaliza, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chaka china mtsikana wa Fomu 2 anaterereka pamwala tikutsika, n'kubinya mwendo moti sankatha kuponda. Foni inali yosagwira m'khwawa momwe tinalimo, ngakhale nsanja za mafoni zinali pamwamba pathu pomwepo. Tinadula mitengo iwiri, tinamangirira zitenje ziwiri za aphunzitsi aakazi n'kupanga machila, ndipo abambo awiri otola nkhuni anasiya mitolo yawo kudzatithandiza. Tinkasinthana anayi anayi. Pamalo opapatiza, wakutsogolo ankatsika chafutambuyo uku akufufuza popondapo ndi chidendene, wakumbuyo atawerama kuti mwanayo asatsetsereke. Mtunda umene tinakwera pa maola awiri tinautsika mpaka kunja kunada, mapewa atasupuka. Kumeneko kunali kubinya chabe, masana, kunja kopanda mvula.

Umu ndi mmene kupulumutsa munthu m'phiri kumakhalira kwathu kuno: ndi mapewa a anthu. Oyamba kufika amakhala otsogolera alendo, alonda ndi anthu a m'midzi yapafupi, kenako apolisi, ndipo ambulansi imadikira pamene msewu wathera. Ngakhale ku Mulanje, komwe kuli otsogolera ndi onyamula katundu odziwa bwino ntchito yawo komanso tinyumba togona pamwamba, kusaka munthu wosowa kumatenga masiku. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, atasiya womutsogolera, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri anthu ambiri akusaka. Phiri la Dedza ndi lofupikirapo, pafupifupi mamita 2,200, koma kuzizira kwa usiku pamwamba pake kungathe kufooketsa mwana wovala malaya okhaokha. Mlonda akamatseka njira amakhala akuwerengera kuti ngozi itachitika ali ndi anthu angati oti anyamule wovulala, ndipo ine sindingamudzudzule pa zimenezo.

Komabe dandaulo lanu lili ndi maziko, mayi. Munthu amene wasonkhetsa ndalama, wabwereka galimoto ndi kuphikitsa chakudya sayenera kumva za kutsekedwa kwa njira atafika kale m'tsinde mwa phiri. Oyang'anira mapiri kulikonse amachita bwino akaika chikwangwani chonena chifukwa ndi nthawi yotsegulira, n'kulengezanso pa wailesi kapena pa WhatsApp, pakuti anthu akapanda kuuzidwa chifukwa amangozembera kumbali, komwe n'koopsa kuposa njira yotsekedwayo.

Ulendo wina mudzayambe mwafika ku ofesi ya za nkhalango paboma pakati pa sabata, mukafunse njira yotsegula ndipo mupemphe munthu wokutsogolerani. Musiye pansi mayina a onse ndi nthawi yobwerera, munyamuke m'mamawa, aliyense atenge madzi ndi juzi, ndipo gulu likhale ndi tochi ndi zitenje zolimba zingapo. Njirayo ikadzakhala isanatsegulidwe, achinyamatawo mukhoza kupita nawo ku Chongoni kukaona zojambula zakale za pamiyala, zomwe UNESCO inazizindikira mu 2006. Malo ake alipo 127, ndipo ku Chencherere kukwera kwake n'kochepa moti ngakhale ana aang'ono amafika.