Dzuwa la m'chipinda cha Jerome lachokera kuti?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti: "Ndaona chithunzi cha Jerome Woyera ali m'chipinda chake, chojambula Albrecht Dürer. Ndi chakuda ndi choyera basi, koma ndikumva ngati m'chipindamo mwalowa dzuwa. Anachita bwanji?"

Mayi, mwafunsa za chithunzi chimene ndimachikonda kwambiri. Tiyambe ndi kapangidwe kake. Mu 1514, ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany, Dürer anazokota mizere pachitsulo chamkuwa ndi kachitsulo kosongoka. Akapaka inki, inkatsalira m'mizeremo, pamwamba nkupukuta, kenaka nkudinda papepala. Ndiye kuti pamene mukuona kuwala kwambiri ndi pamene dzanja lake silinakhudze. Dzuwa mukulimvalo ndi pepala lopanda kanthu, lozunguliridwa ndi mizere.

Chikulitseni pafoni yanu, muyang'ane kumanzere. Mawindo ali ndi timagalasi tozungulira ngati matako a botolo, ndipo kuwala kwadutsa nkukajambula timagalasi tomweto pakhoma lochindikala la m'mbali mwa windo, kamodzikamodzi. Pamenepo ine ndimaima nthawi yaitali. Khomalo analidetsa pang'ono chabe ndi timizere tothithikana kuti kuwalako kuoneke kukunjenjemera. Mukapita ku ubweya wa mkango umene wagona m'chipindamo mupeza mizere yaifupi yopindika, pamene pa matabwa a kudenga mizere yatsata misempha ya mtengo. Kachitsulo kamodzi komweko, koma ubweya ukuoneka wofewa, thabwa louma gwa.

Nanga mwaona kuti mwini chipinda ali kutali? Patsogolo pagona mkango ndi kagalu, ngati alonda a pakhomo. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, wawerama patebulo kumbuyo, wamng'ono ndithu. Komabe diso limakafika kwa iye, chifukwa mutu wake wazunguliridwa ndi kuwala koyera mbee, ndipo mizere ya denga ndi ya mpando wa pawindo ikukokerani mkati, kupendekera kumanja. Mumakhala ngati mwasuzumira muli chapambali, kuopa kumusokoneza.

Kenaka yesani ichi: kokani mzere ndi chala kuchokera pamutu pa Jerome, kudutsa pamtanda umene uli pangodya ya tebulo. Mukafika pa chibade chimene chili pawindo. Akadzutsa maso, imfa aziiona kudzera pa mtanda. Ndipo chibadecho Dürer sanachibise mumdima, anachiika pomwe dzuwa likulowera.