3-bet ya makhadi ofooka pa tebulo la K5/K10: imapindula liti?

M'bale wina wa ku Chilenje wandilembera kuti amasewera Texas Hold'em (mtundu wa poker, masewera a makhadi obetcha ndalama) ndi anzake Lachisanu usiku, ma blind ake (mabeti okakamiza amene anthu awiri amaika makhadi asanagawidwe) K5 ndi K10. Anaona pa YouTube akatswiri akukwezanso beti imene mnzawo wakweza kale (imeneyo ndiyo 3-bet) ali ndi A5 (Ace ndi 5) yokha, nayenso anayamba kutero, koma ndalama zikungotha. Akufunsa chomwe chikulakwika.

Achimwene, tiwerengere limodzi. Wina watsegula ndi K30, inu muli pa button (mpando wa wogawa makhadi) mwakweza kufika K90. Pakati pali K45, ndiye kuti K30 yakeyo ndi K15 ya ma blind. Mwaponya K90 kuti mutole K45. Kuti ndalamayo ibwerere flop (makhadi atatu oyamba oikidwa pa tebulo) isanatuluke, mnzanuyo ayenera kutaya makhadi kawiri pa katatu kalikonse. Phindu la 3-bet yotereyi limachokera kwenikweni kwa munthu wodziwa kutaya.

Akatswiri aja sasankha A5 ya mtundu umodzi (mwachitsanzo onse awiri a hearts) mwachisawawa. Ace ikakhala m'manja mwanu, njira zoti mnzanu akhale ndi AA (ma Ace awiri) zimatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3, za AK (Ace ndi King) kuchoka pa 16 kufika pa 12. Akakutsatirani, mungathe kupanga flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) yapamwamba kapena straight (makhadi asanu otsatizana) ya A mpaka 5. Koma iwo amasewera ndi anthu otsegula ndi makhadi ambirimbiri, amenenso amataya akapanikizidwa.

Nanga pa matebulo athu muno mu Lusaka? Pali mdala amene usiku wonse amangolowa ndi beti ya K10 mwakachetechete, kenako mwadzidzidzi wakankha K50 osayang'ana munthu. Ameneyo ali ndi QQ (ma Queen awiri) kapena kuposa, musamugwire. Palinso uja amene mukamukwezera amaseka n'kunena kuti, "Ndaika kale ndalama, ndione flop." Wa pa big blind (blind ya K10 ija) nayenso walowa, pakati pafika K275, inu muli ndi A5. Makhadi awiri osiyana amagwira pair (khadi lofanana nambala ndi lanu) pa flop pafupifupi kamodzi pa katatu basi. Nthawi zinazo mwatsala ndi Ace yokha pakati pa anthu awiri osadziwa kuchoka. Ndalama zanu zikuthera pamenepo, ndipo zimandipweteka kuona munthu wophunzira mwakhama akuluza chifukwa cha nzeru yabwino yoikidwa pamalo polakwika.

Kwa anthu osataya, kwezani ndi makhadi oposa amene iwo amatsatira nawo. Ngati mnzanu amalowa ndi KJ, A8 kapena Q10, musadikire AA ndi KK zokha: AQ, KQ, 10-10 ngakhale 99 ndi zokwezera. Mukakhala kuti mudzasewera pambuyo pake, kwezani katatu beti yake. Mukakhala pa blind, kanayi.

3-bet ya makhadi ofooka ija isungireni munthu mmodzi. Khalani ola lathunthu mukumuona. Kawirikawiri amakhala mnyamata wotsegula pafupipafupi ali pa cutoff (mpando wa kumanja kwa button) kapena button, amene mwamuona ndi maso anu akutaya atakwezeredwa. Onetsetsaninso kuti nonse muli ndi ndalama zokwanira patsogolo panu, cha m'ma K1,000. Amene watsala ndi K200 amangokankha zonse.

Ndipo mukakweza, munthu wofatsa n'kukwezanso pamwamba panu (imeneyo ndiyo 4-bet), tayani A5 yanuyo msanga, AQ nayonso. Pa K5/K10 ndi ochepa kwambiri amene amachita 4-bet alibe kanthu.